Moyo wa M'kalasi Pasukulu ya Pulayimale

Kuno kwathu maphunziro a pulayimale amatenga zaka 8, ndipo chaka chilichonse chimagawidwa m'materemu atatu. Boma litathetsa fizi mu 1994, ana anachuluka kwambiri m'makalasi, kotero kuti mphunzitsi payekha sangathe kulondoloza mwana aliyense.

Tsiku limayamba ndi kusesa, kufola pa asembule ndi kuitana mayina. Ana a Sitandade 1 amaphunzira malembo ndi maphatikizo, nawerengera masamu ndi timiyala kapena zitsekerero za mabotolo. M'sukulu zambiri amamwanso phala la bungwe la Mary's Meals, lomwe lidayamba ntchitoyi m'dziko muno mu 2002.

Masiku apadera aliponso. Potsekera teremu makolo amadzamva zotsatira za mayeso. Pa 16 June timakumbukira Tsiku la Mwana wa mu Africa, polemekeza ana asukulu amene adaphedwa ku Soweto mu 1976. Pamapeto pake, a Sitandade 8 amalemba mayeso a MANEB, omwe amatsegula khomo la ku sekondale.

Komatu mayesowo amakonzekeredwa m'masiku wamba. Mwana wojombajomba amaphonya maphatikizo, kenaka kuwerenga kumamukanika. N'chifukwa chake ife makolo ndi akatekisi tiyenera kuona makope a ana athu madzulo aliwonse.