Ndege Zimene Zidapatuka pa Njira: Chileka 1972 ndi Francistown 1974

M'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Kande ndi ku Chintheche kufikira ku Usisya, ndi mabanja oŵerengeka okha amene alibe mbiri ya munthu wawo amene adapita ku Halale kapena ku Joni. Atonga adayamba maulendo ameneŵa kale kwambiri. Sukulu za mishoni ya Bandawe, imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1881, zidaphunzitsa anyamata ambiri kuŵerenga ndi kulemba, koma ntchito zoyenera maphunziro awo kwawoko kudalibe. Mmodzi mwa anyamatawo adali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene mu 1919 adayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito la ICU mumzinda wa Cape Town. Katswiri wina, J. van Velsen, amene adakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950, adapeza kuti mwa amuna khumi aliwonse, asanu ndi mmodzi kapena kuposerapo adali kunja kwa dziko. Amayi ndiwo ankatsala akusamala minda ya chinangwa ndi kulera ana, maso ali kunjira.

Atonga ambiri ankakonda kupita paokha, ulendo umene unkatchedwa wa selefu, chifukwa munthu ankadzisankhira yekha ntchito akafika. Komabe malamulo oloŵera ku South Africa atayamba kuvuta, njira yotsala kwa anthu ambiri a m'dziko muno idali ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito m'malo mwa eni migodi ya golide. M'zaka za m'ma 1950 bungweli lidayamba kunyamula anthu ake pa ndege zakezake. Likulu la ndegezo lidali ku Francistown, m'dziko la Botswana. Munthu ankakwera ndege kuno kumudzi n'kukatera ku Francistown, ndipo kuchokera kumeneko sitima yapamtunda inkamufikitsa ku Johannesburg. Pobwerera njira idali yomweyo. Motero amuna a m'midzi, ena oti ngakhale mzinda wa Blantyre adali asadauonepo, adadziŵa m'kati mwa ndege anthu ambiri ophunzira asanailaŵe.

Nkhani ino ndi ya ndege ziŵiri za m'nthaŵi imeneyo zimene zidakumana ndi zoopsa zili m'mwamba, oziyendetsa n'kukakamizika kusiya njira imene adakonza. Ina idatera bwino pa Chileka. Inzake idanyamuka kulinga ku Chileka komweko koma sidafike. Poziika pamodzi, munthu amaona pamene chisamaliro cha wapaulendo chimayambira.

Yoyamba idali ndege ya mtundu wa Boeing 727 ya kampani ya South African Airways, yotchedwa Letaba. Lachitatu pa 24 Meyi 1972 idanyamuka ku Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare, kupita ku Johannesburg. Ili m'njira, amuna aŵiri ochokera ku Lebanon, Fouad Kamil ndi mnzake Yaghi, adailanda poopseza kuti aiphulitsa ndi zida zophulitsira miyala. Kamil adali ndi chakukhosi ndi kampani ya dayamondi yotsogozedwa ndi Harry Oppenheimer, imene adaigwirirapo ntchito yosaka ozembetsa miyala yamtengo wapataliyo, ndipo ankati idali isadamulipire mokwanira. Apaulendo adalibe nawo mbali pa mkangano umenewo, koma miyoyo yawo ndiyo idasanduka chikole.

Woyendetsa ndegeyo, Kaputeni Blake Flemington, sadalimbane nawo. Adatembenuza ndege kubwerera ku Salisbury kukathira mafuta, ndipo kumeneko apaulendo ambiri adaloledwa kutsika. Anthu oŵerengeka okha ndiwo adatsala ngati chikole pamodzi ndi ogwira ntchito m'ndegemo. Itanyamukanso, achiwembuwo ankaganiza kuti akupita kutali, ku zisumbu za m'nyanja yamchere, pamene kaputeniyo adali ataloza ku Blantyre. Masiku amenewo maiko ambiri odzilamulira a mu Afirika adali atatsekera ndege za ku South Africa mabwalo awo chifukwa cha tsankho, koma Malaŵi adali pa ubale ndi dzikolo kuyambira mu 1967, ndipo Chileka lidali bwalo limene oyendetsa ndege a kumeneko ankalidziŵa.

Pa Chileka ndegeyo idazingidwa ndi asilikali. Zokambirana zili m'kati, anthu ogwidwa aja pamodzi ndi ogwira ntchito adapeza mpata wothaŵa, ndipo m'ndegemo mudatsala achiwembu aŵiri okha. Pa 26 Meyi asilikali a Malaŵi adawombera ndegeyo, ndipo aŵiriwo adadzipereka. Adaŵeruzidwa ndi kumangidwa m'dziko muno, koma adatulutsidwa pasanathe zaka zitatu. Palibe wapaulendo ndi mmodzi yemwe amene adataya moyo.

Zimene adachita Flemington ndi anzake ndizo zimene ogwira ntchito m'ndege amaphunzitsidwa kulikonse. Pangano la maiko limene lidasainidwa ku Tokyo mu 1963 limapatsa kaputeni mphamvu zochita chilichonse choyenera pofuna kuteteza ndege ndi anthu amene ali m'menemo. Zinthu zikavuta, ntchito yake yoyamba ndi kusunga ndege kuti iulukebe, yachiŵiri ndi kusankha kokatera, ndipo yachitatu ndi kudziŵitsa anthu a pansi. Amene amatumikira apaulendo nawonso sali m'ndege chifukwa cha tiyi ndi chakudya chokha. Udindo wawo waukulu ndi kukhazika anthu mtima pansi, kuwauza zoona m'mawu osaopsa, ndi kuwatulutsa msanga ndege ikatera. Ndege zikuluzikulu siziloledwa kunyamula anthu pokhapokha zitasonyeza kuti onse angathe kutulukamo m'mphindi imodzi ndi theka. Apaulendo a Letaba adapulumuka chifukwa adagwa m'manja mwa anthu odekha, komanso chifukwa ndegeyo idali yabwinobwino, yomvera woiyendetsa.

Pasanathe zaka ziŵiri kudachitika ngozi ya ndege yachiŵiri ija. Lachinayi pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela ya mtundu wa Douglas DC-4 idanyamuka ku Francistown kupita ku Blantyre itanyamula anthu 84, ndiye kuti apaulendo 80 ndi ogwira ntchito anayi. Apaulendowo adali amuna ochokera ku migodi, obwerera kwawo atatsiriza nyengo yawo ya ntchito. Adali atapulumuka ku miyala yogumuka ndi ku fumbi la pansi pa nthaka, ndipo chimene chidatsala chidali ulendo wa maola oŵerengeka.

Itangodzuka, mainjini adayamba kutentha mopitirira muyeso ndi kutha mphamvu. Oyendetsa adachita chimene woyendetsa aliyense akadachita: adaganiza zobwerera kukatera pa bwalo limene adachokera. Koma ndege yodzaza yopanda mphamvu siikhalitsa m'mwamba. Idagwa makilomita osakwana anayi kuchokera pabwalopo, n'kuyaka moto. Anthu 78 adafa, atatu mwa iwo ogwira ntchito m'ndegemo, ndipo Amalaŵi amene adatsikira kulichete tsiku limenelo adaposa 70. Asanu ndi mmodzi okha ndiwo adapulumuka.

Ofufuza adapeza kuti gwero la ngoziyo lidali mafuta. Ndege ya DC-4 ili ndi mainjini anayi a mapisitoni, ofanana kagwiridwe ntchito kake ndi injini ya galimoto, ndipo amafuna petulo wapadera wa ndege. Ndege za jeti zimayendera mafuta ena, amene ndi mtundu wa parafini. Petulo amene adathiridwa m'ndege ya Wenela adali wosakanizika ndi mafuta a jetiwo. Injini ya mapisitoni ikamwa mafuta otere imatha kulira bwinobwino ndege ili pansi, koma ikapatsidwa moto wonse ponyamuka, mafutawo amaphulika mosalongosoka m'kati mwake, injini n'kutentha mpaka kuwonongeka. Popeza mainjini onse adamwa mafuta amodzimodziwo, padalibe injini yoti n'kudalira. Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma tsoka la ku Francistown lidali nalo fungo, fungo la parafini m'malo mwa petulo. N'chifukwa chake petulo wa ndege amamuthira utoto woti azidziŵika, ndipo mafuta amayenera kupimidwa asanathiridwe m'ndege.

Apa ndipo pali kusiyana kwa maulendo aŵiriŵa. Oyendetsa ndege ya Wenela adayesetsa kubweza anthu awo pansi monga adachitira a Letaba, ndipo ambiri a iwo adafera pamodzi ndi apaulendo awo. Chimene chidawalaka chidachitika iwo asanakhale pa mipando yawo, m'manja mwa anthu amene apaulendo sadawaone n'komwe. Ndiponso wapaulendo wa Wenela sadali ngati wa Letaba. Iye sankagula yekha tikiti, sankasankha tsiku kapena ndege, ndipo adalibe kwina kopita akadakayikira. Adalembedwa podinda chala, adapatsidwa nambala, ndipo ankanyamulidwa monga mwa dongosolo la olemba ntchito. Munthu wotere moyo wake wonse umatsamira pa kukhulupirika kwa ena.

Ngoziyo idasintha mbiri ya dziko lino. Pulezidenti Dr. H. Kamuzu Banda adaletsa Wenela kulembanso anthu ntchito m'Malaŵi, ndipo amene adali ku migodi adayamba kubwerera kwawo. Nthaŵi imeneyo Amalaŵi a m'migodi ya ku South Africa adali oposa 100,000, chiŵerengero choposa chigawo chimodzi mwa zigawo zinayi za anthu akuda onse ogwira ntchito m'migodimo. Pofika mu 1976 adatsala ochepa kwambiri. Eni migodi adadzidzimuka, ndipo popeza mtengo wa golide udali utakwera, adawonjezera malipiro kuti akope anthu a m'dziko lawo lomwelo. Akatswiri ena a mbiri yakale amati boma la Malaŵi lidali ndi chifukwa chinanso, pakuti minda ikuluikulu ya fodya imene inkatsegulidwa m'zaka zimenezo inkasoŵa antchito. Kulemba anthu kudayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, limene anthu ankalitchula kuti Theba, koma chiŵerengero sichidafikenso pa 20,000. Mu 1988 zonse zidaima chifukwa cha kusamvana kwa maboma aŵiriŵa pa nkhani yoyeza magazi a antchito ngati ali ndi kachilombo ka HIV.

Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja, kutsekeka kwa njira imeneyi kudali nkhani ya m'nyumba. Ndalama za ku Joni ndizo zinkagula malata, makina osokera, mawailesi ndi makoka a chilimira opherako usipa, ndipo ndizo zinkalipirira ana sukulu. Amuna adabwerera ku nyanja ndi ku minda, ena adafuna ntchito m'minda ya tiyi ndi ya mphira ya m'bomali, ndipo ambiri mwa ana ndi adzukulu awo adayambanso ulendo wa selefu, pa basi, kudzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Beitbridge.

Patapita zaka 50 chichitikire ngozi ya ku Francistown, boma la Nkhata Bay lidakhudzidwanso ndi ulendo wa pa ndege umene sudafike. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu itanyamula Wachiŵiri kwa Pulezidenti, Dr. Saulos Klaus Chilima, amene ankapita ku maliro a Ralph Kasambara ku Nkhata Bay. Nyengo idali yoipa, ndegeyo sidatere pa Mzuzu, ndipo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse asanu ndi anayi adafa, ndipo ndegeyo idapezeka maŵa lake. Akatswiri a ku Germany amene adafufuza ngoziyo adapeza, mwa zina, kuti kachipangizo kotumiza chizindikiro ndege ikagwa sikadagwire ntchito, chifukwa batire lake lidatha nthaŵi mu 2004. Apanso china mwa zimene zidasoŵa tsiku la tsoka chidali chitasoŵa kale ndege ili pansi.

Wapaulendo amayamika kapena kudandaula malinga ndi anthu amene akuwaona: amene wamulandira pakhomo pa ndege, amene wamupatsa madzi, ndi liwu la kaputeni lomuuza kuti ndege ikatera kwina. Ameneŵa ayeneradi ulemu, pakuti apaulendo a pa Chileka adapulumuka chifukwa cha kudekha kwawo. Koma kumbuyo kwawo kuli wothira mafuta, wokonza injini, wopima nyengo ndi woyang'anira mabuku a ndege. Amuna amene adanyamuka ku Francistown pa 4 Epulo 1974, katundu wa ana awo ali m'mabokosi, adadalira anthu ameneŵa osawadziŵa maina, monga amachitira aliyense wokwera ndege, Ilala kapena bwato la injini lochokera ku Usisya.