Njira Zofalitsira Nkhani ku Magomero: Wailesi, Nyuzipepala ndi Lamya

Pa 8 Malichi 1992, kalata ya Maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'Malawi monse, ndipo anthu a ku Magomero anaimva ndi makutu awo. Masiku amenewo wailesi ya m'dziko muno inali imodzi yokha, MBC, ndipo inkalankhula zokomera boma. Kalatayo inasindikizidwa ku Balaka kwa ansembe a Montfort. Pasanapite nthawi, nyumba yosindikizirayo inatenthedwa.

Mu 1999 kunabwera Television Malawi ndi Radio Maria ya ku Mangochi, ndipo Luntha TV inatsatira mu 2007.

Lero nkhani zambiri zimatipeza pa lamya, kudzera pa WhatsApp ndi Facebook. Uthenga wa maliro kapena wa msonkhano wa mphakati umazungulira mudzi wonse nsima isanapse. Chotidetsa nkhawa n'chakuti uthenga wotere ulibe mkonzi. Kalata ya 1992 inali ndi maina a eni ake, pamene mawu ojambulidwa omwe timatumizirana kawirikawiri sitidziwa anawayankhula ndani, ndipo makina a AI tsopano amatha kutsanzira liwu la munthu. Lamulo la 2016 lokhudza intaneti limalanga wozunza mnzake pa lamya, koma silingasefe uthenga uliwonse.

Wailesi yokha sitikuiona ikutha msanga. Siifuna bandulo, siifuna kudziwa kuwerenga, ndipo magetsi akazima, monga zinachitikira pa namondwe wa Freddy mu 2023, ya mabatire imalankhulabe. Imene ili pachiswe ndi nyuzipepala, chifukwa mapepala akwera mtengo ndipo kumidzi imafika mochedwa.