Makamera a Pamseu: Alonda a Moyo Kapena Okhometsa Msonkho?

Aphunzitsi ndi ana nonse, phunziro lathu la mbiri lero likukhudza mseu umene ambiri a inu mumawoloka popita kusukulu.

Pamene Chipata inkatchedwa Fort Jameson, mseu wa Great East Road wochokera ku Lusaka unali wafumbi, ndipo mabampu ake ndiwo ankaletsa galimoto kuthamanga. Utathiridwa phula, ulendo unafupika koma liwiro linakula. Kuno kwathu, kumene anthu ochuluka amayenda pansi ndi panjinga m'mbali mwa mseu, liwiro ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Bungwe la World Health Organization limanena kuti munthu wogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola ali pangozi ya kufa kanayi ndi theka kuposa wogundidwa ndi yothamanga makilomita 50.

Makina oyeza liwiro anatchuka chifukwa cha Maurice Gatsonides wa ku Netherlands, katswiri wa mpikisano wa galimoto, amene anayambitsa kampani yowapanga mu 1958. Iye ankafuna kuyeza liwiro lake, koma apolisi ndiwo anadzagula makinawo.

M'dziko lathu la Zambia, lamulo la mu 2002 linakhazikitsa bungwe la RTSA loyang'anira chitetezo cha pamseu. Mu 2017 bungweli linapangana ndi kampani ya Intelligent Mobility Solutions, momwe munali kampani ya Kapsch ya ku Austria, ndipo mu 2018 makamera anayamba kujambula galimoto mu Lusaka. Mkangano unabuka msanga. Boma linati cholinga ndi kupulumutsa miyoyo. Oyendetsa galimoto ambiri anadandaula kuti zikwangwani zosonyeza liwiro zinali zosakwanira, ndi kuti kampani yopeza phindu pa ntchito yolipiritsa olakwa singakondwere olakwawo akachepa.

Kodi tingaweruze bwanji mlanduwu? Kamera yoteteza moyo imaikidwa pamene ngozi zimachitika kawirikawiri, monga pafupi ndi sukulu ndi misika, ndipo woyendetsa amachenjezedwa asanaifike. Ikagwira bwino ntchito, ngozi zimachepa, ndalama za chindapusa nazonso zimachepa. Koma yobisika pamalo opanda ngozi ndi msampha chabe.

Aphunzitsi, phunziroli likatha, jambulani pabolodi mseu wa pafupi ndi sukulu yanu. Ana asonyeze pamene iwo akanaika kamera, ndipo aliyense anene chifukwa chake.