MPRIS

MPRIS ndi muyezo umene umalola kapulogalamu kakang'ono, komwe kamakhala m'mphepete mwa sikirini, kulamulira pulogalamu yoimbira nyimbo pa kompyuta za Linux popanda kutsegula zenera lake. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti Media Player Remote Interfacing Specification, ndipo muyezowu umapezeka pansi pa freedesktop.org.

Kagwiridwe ka ntchito

Pulogalamu yoimbira ikangotsegulidwa imadzilembetsa pa D-Bus, njira imene mapulogalamu a Linux amatumizirana mauthenga. Dzina limene imatenga limayamba ndi org.mpris.MediaPlayer2, mwachitsanzo, la VLC ndi org.mpris.MediaPlayer2.vlc. Kapulogalamu kaja kakaona dzinali kamatha kutumiza malamulo monga PlayPause, Next ndi Previous. Nayo pulogalamuyo imabweza mutu wa nyimbo, dzina la woimba ndi utali wa nyimboyo. Imanenanso zimene singathe: ngati palibe nyimbo yotsatira, batani lodumphira limazilala.

Phindu lalikulu ndi lakuti wolemba kapulogalamu salembanso malangizo apadera a pulogalamu iliyonse. Kamodzi komweko kamalamulira Rhythmbox, Amarok, Audacious, Spotify ngakhalenso Firefox. KDE Plasma ili ndi kapulogalamu kotere, ndipo GNOME inaika mabataniwa pamalo a zidziwitso mu 2016, pa mtundu wa 3.20.

Zovuta

Muyezowu sunena pulogalamu yoyenera kumvera batani ziwiri zikamaimba nthawi imodzi. Amene amasankha ndi kapulogalamuko, motero munthu wofuna kuimitsa nyimbo nthawi zina amapezeka waimitsa kanema wa pa intaneti.