Tizithunzi ta pa Kompyuta ndi Kumene Tinachokera

M'mashopu a intaneti a ku Berea, mu Johannesburg, momwe Amalawi, Azimbabwe ndi a ku Congo amakasindikiza makalata ofunsira ntchito, chilankhulo chimene onse amamva mofanana si Chingerezi kapena Chizulu. Amamvana pa tizithunzi ta pa sikirini: foda yachikasu, bini, ndi kadisiki kosungira zomwe walemba. Tizithunziti tili ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi mu ofesi ya ku America.

Kompyuta ya Xerox Star, yomwe inatuluka mu 1981, inasandutsa sikirini kukhala tebulo la kalaliki, lokhala ndi mapepala, mafoda ndi thireyi ya makalata. Mmodzi mwa amene anayambitsa ganizoli ndi David Canfield Smith. Koma amene anatipatsa nkhope zomwe tinazolowera ndi Susan Kare, yemwe anajambula tizithunzi ta Macintosh ya 1984. Iye ankayamba ndi pepala la timabokosi, madontho 32 m'litali ndi 32 m'lifupi, onse pamodzi 1,024, lililonse lakuda kapena loyera basi. M'kamalo kochepa chonchi anakwanitsamo bini, wotchi yapamkono youza munthu kuti adikire, ngakhale bomba losonyeza kuti makina asokonekera. Amene anaonapo mayi akuluka nsalu ya pa tebulo mowerenga timabowo angaimvetse ntchitoyi msanga.

Kenako kampani iliyonse inamanga mpanda wake. Windows imasunga kachithunzi mu fayilo ya .ico, yomwe imanyamula misinkhu ingapo nthawi imodzi, kuyambira madontho 16 mpaka 256; waukuluwo unabwera ndi Windows Vista. Apple ili ndi yake ya .icns. Choncho wopanga pulogalamu amakonza kachithunzi kamodzi kawiri kapena katatu. Linux inatenga njira ina: imagwiritsa ntchito zithunzi wamba za PNG ndi SVG, ndipo mzere umodzi woyamba ndi "Icon=" mu fayilo ya .desktop ndi umene umauza makina choti aonetse. Aliyense wodziwa kulemba mzerewo angathe kusintha.

Apa ndi pamene South Africa inalowa m'mbiriyi. Mu October 2004, Mark Shuttleworth, wobadwira ku Welkom, anatulutsa Linux yake yotchedwa Ubuntu, mawu amene ife timati umunthu. Pamene Windows XP inali ya buluu ndi yobiriwira, Ubuntu inabwera yofiirira ngati dothi, maonekedwe ake akutchedwa Human, chizindikiro chake chili anthu atatu ogwirana manja mozungulira. Ma CD ake ankatumizidwa mwaulere pa positi mpaka 2011, zomwe zinali zofunika kwambiri m'maiko momwe intaneti inali yodula.

Ambiri anaunyoza mtundu wa dothiwo, ndipo mu 2010 unalowedwa m'malo ndi wa pepo. Kwa ine, kusinthako sikunali kwakukulu monga anthu ankanenera, chifukwa chomwe chinali cha kuno unali utoto wokha. Zinthu zojambulidwazo zinali zomwe zija za kalaliki wa ku California. Palibe anaikapo nkhokwe poti pakhale posungira, kapena dzala m'malo mwa bini, ngakhale Linux imalola.

Kadisiki kaja, Sony inaleka kukapanga mu 2011. Wachinyamata wochoka ku Mzimba kapena ku Mangochi amene akulemba CV yake ku Berea lero mwina sanakagwirepo m'manja, koma amadziwa kuti akapanda kukadina mu Word, ntchito yonse ndi ndalama zomwe walipira pa kauntala zipita pachabe.