Kutuluka m'Citaganya kunali kwapafupi, kupeza njira ina n'kumene kunavuta

Ana anga a sukulu amadziwa tsiku la 24 October 1964, koma ndikawafunsa za 31 December 1963 amangoti zii. Pa tsikuli m'pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinatha, patapita zaka khumi. Anthu akuda kuno sanacifune kuyambira paciyambi, pakuti msonkho wa mkuwa wathu unali kumanga Salisbury, Harare ya lero.

Kuti tifike pamenepo, ndale zinayamba zaima nji. Pa masankho a 1962 palibe cipani cimene cinapeza mipando yokwanira kulamulira cokha: UFP, yofuna Citaganya, inatenga 16, UNIP ya a Kenneth Kaunda 14, ANC ya a Harry Nkumbula 7. Mbali zonse ziwiri zinawanyengerera a Nkumbula. Mu December anagwirizana ndi a Kaunda, ndipo m'caka cotsatira Britain anavomera kuti dziko lathu lituluke.

Koma njanji sisamuka ndi siginecha. Mkuwa unali kupitabe ku doko la Beira kudzera ku Rhodesia. Malasha a m'migodi anali kucokera ku Wankie, ndipo makina a malaiti a ku Kariba anali tsidya lawo la Zambezi. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu okha pa 11 November 1965, mafuta anasiya kubwera. Petulo anayamba kugulitsidwa mwa muyeso. Wina anabwera pa ndeke, wina m'madilamu pa Great North Road, msewu umene madilaiva anaucha Hell Run cifukwa ca ngozi zake.

Paipi ya TAZAMA inafika ku Ndola mu 1968. Smith anatseka malire mu January 1973, ndipo njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kucoka ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inatha mu 1975. Ngakhale zinali tero, mu 1978 boma linatsegulanso njira ya kum'mwera kuti feteleza alowe mvula isanagwe.

Kuno ku Lilayi timaona mathiraki a ku Chirundu akudzaza Kafue Road usana ndi usiku. Conco, acinyamata anzanga, wandale akakuuzani kuti titulukemo m'mgwirizano wakutiwakuti, muyambe mwamufunsa kuti mafuta ndi feteleza zidzadzera kuti m'mawa mwake.