Mbiri ya Tisitima Tating'ono ndi Mafuta Ake

Njanji zitafala ku Mangalande, amisiri anayambanso kusula tisitima tating'ono tofanana ndi sitima zenizeni. Mbiri ya tisitimati ili ndi mibadwo itatu, ndipo mbadwo uliwonse unaphunzitsa eni ake kasamalidwe kena.

Toyambato tinali ta nthunzi, tosulidwa ndi mkuwa ku Birmingham m'zaka za m'ma 1800. Tinalibe njanji, tinali kuyenda pansi m'nyumba, madzi ali kuwira ndi kamoto ka sipiriti. Popeza nthunzi imakokolola mafuta opepuka, mwini anali kuthira mafuta olemera kawirikawiri, ndipo kuolowa manja kunalibe mlandu.

M'caka ca 1891 a Märklin a ku Germany anaonetsa ku Leipzig tisitima toyenda pa njanji zolumikiza, topukusa ndi kiyi monga koloko. Frank Hornby wa ku Liverpool anatulutsa take m'caka ca 1920. Mdani wa mbadwo uwu anali fumbi. Mafuta akakhalitsa pa mano a magudumu amauma nasanduka ulimbo, nagwira fumbi ndi tsitsi kufikira makina ataima. Tsono anthu anaphunzira kuti kutsuka kuyenera kutsogola, ndipo pambuyo pake ndiye kuthira mafuta opepuka onga a makina osokera.

Mbadwo wacitatu ndiwo wa magetsi. M'caka ca 1938 kampani ya Hornby inayamba kugulitsa Hornby Dublo, ya njanji zotalikirana mamilimita 16.5. Apa mafuta, amene kale anali bwenzi, anakhoza kusanduka mdani. Magetsi amalowa m'kasitima pa kamalo kakang'onong'ono pamene gudumu likhudza njanji, ndipo litsilo likakhala pamenepo kasitima kamayenda modukizadukiza. M'kati mwa injini muli timakala tiwiri tokhudza mkuwa wozungulira; mafuta akafikapo amasakanizika ndi mwaye wa timakalato nakhala thope lakuda, injini nitentha, mwinanso kupsa. Ndipo a Rovex atatulutsa tisitima ta pulasitiki m'caka ca 1950, kunadziwikanso m'kupita kwa zaka kuti mafuta ena amang'alula pulasitikiyo.

Cifukwa cace lamulo la osunga tisitima linakhala lotere: dontho limodzi, lotengedwa pa nsonga ya singano, pa malo alionse pamene citsulo cizungulira m'cinzace, ndi girisi pang'ono pa mano a magudumu, koma njanji ndi milomo ya magudumu zikhale zouma, zopukutidwa ndi kansalu koviika m'sipiriti, osazipala ndi msasa, pakuti mikwakwalazo imasunga litsilo.

Tisitima tambiri ta m'zaka za m'ma 1950 tikali kuyenda kufikira lero, pamene mafakitale amene anatipanga ku Liverpool anatsekedwa kale m'caka ca 1979. Moyo wautaliwo unacokera kwa eni odziwa kupukuta kawirikawiri ndi kuumira mafuta.